2020 yatisiyira chiyani kuno ku Chigwa?

Gulu: Ana a m'Chigwa cha Shire
Lachitatu, 30 Disembala 2020

Admin (Nchalo): Mwaswera bwanji nonse. Mawa chaka chikutha. Mwana wanga amene ali ku Blantyre wanditumizira nkhani yoti magazini ya ku London, The Economist, yasankha Malawi kukhala dziko lopambana la 2020, akuti chifukwa cha mmene nkhani ya chisankho ija inathera. Ndiye ndati ndiiponye pano. Inu a ku Ngabu, Bangula, East Bank, Chapananga mpaka ku Marka, chakachi mwachiona bwanji? Kutukwana ayi. Amene ndinawachotsa mu Juni aja akudziwa.

Wakabaza pa Dyeratu: Dziko lopambana? kkkkk. Azunguwo abwere adzapalase njinga kuchoka pa Dyeratu kufika ku boma masana a Okutobala, kumbuyo atanyamula mayi ndi thumba la makala, kenako adzalembe bwino.

Make Tadala (Ngabu): A Admin, ndifunse mwaulemu. Ulemu umenewo umabwera ndi matumba angati a chimanga?

Mphunzitsi East Bank: Musathamangire kuseka abale anga. Ine tsiku la 3 Febuluwale sindidzaliiwala. Linali Lolemba. Ana ambiri makolo sanawatumize kusukulu poopa zipolowe, ndiye aphunzitsi tinangokokera mabenchi pansi pa nimu, wailesi pakati. Majaji asanu aja, a Potani, mayi Kamanga, a Madise, a Kapindu ndi a Tembo, anayamba kuwerenga chigamulo m'mawa mpaka kunja kunada. Masamba pafupifupi 500. Mabatire anatithera dzuwa lili paliwombo, tinachita kutuma mnyamata pa njinga kukagula ena pa Fatima, ndipo podikirapo mnzathu wina anakwera pachulu, foni m'mwamba, kusaka netiweki. Atafika ponena kuti a Mutharika sanasankhidwe moyenera mu Meyi 2019, ndipo chisankho chibwerezedwe pasanathe masiku 150, palibe anaomba m'manja. Tinangoyang'anana. Ahedi athu, munthu wa DPP wa m'magazi, anavula chipewa n'kunena kuti, "Kani zimatheka eti." Mu Africa muno ndi Kenya yokha imene inali itachitapo zotere, mu 2017, ndipo kumeneko wolamulayo anabwereranso pampando. Kwathu kuno anatsika.

Wakabaza pa Dyeratu: Aphunzitsi, za tipeksi zija inu mumagwiritsa ntchito m'kalasi, bwanji simunatichenjeze kuti imathanso kusankha pulezidenti?

Mphunzitsi East Bank: kkkk mwana akafufuta ndi tipeksi pa mayeso ine ndimadula malikisi. Majaji anangochita zomwezo.

Agogo a ku Tengani (akulemba ndi mdzukulu): Agogo akuti ndilembe chonchi. Anyamata mukuti 50+1 ngati yabadwa dzulo. Amene anayamba kupita kukhoti kukafunsa kuti "mavoti ochuluka" amatanthauza chiyani ndi mwana wa kuno, malemu Gwanda Chakuamba, chitatha chisankho cha 1999. Khoti lalikulu nthawi imeneyo linati wopambana ndi amene waposa anzake, basi, kaya ndi voti imodzi. N'chifukwa chake a Bingu analowa mu 2004 ndi mavoti osafika theka, a Peter mu 2014 chimodzimodzi, ndipo chaka chatha analengezedwa ndi 38 pa 100 alionse. Chaka chino majaji atembenuza chigamulo chija. Mbuya Gwandawo anamwalira mu 2016 osaziona. Agogo akutinso iwo mu 1993 anavotera nyali kuti tambala wakuda achoke, lero tambala yemweyo walowera pakhomo la kumaso, anthu akumuimbira m'manja. Akuti asafunsidwe kuti anavotera ndani pa 23 Juni.

Admin (Nchalo): Takhuta agogo. Iyi ya Mbuya ambiri sitinkaidziwa.

Nachisale pa Bangula: Tinene zoona poyera. Kuno ku Nsanje ndi Chikwawa ambiri tinavotera a Mutharika, ndipo ine sindichita nazo manyazi. Ngalande ya mthirira yochokera ku Kapichira ija ntchito yake anaikhazikitsa ndi iwowo chaka chomwe chino, mawa madzi akadzafika m'minda ena adzavala masuti n'kumadula riboni ngati anakumba okha. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndikuvomera. Loweruka lija usiku a Kachale atalengeza kuti a Chakwera 2,604,043, a Mutharika 1,751,877, ine ndinagona ndi mantha, nsalu yanga ya buluu ndinaibisa pansi pa mphasa. M'mawa ndinati kaya, nsomba siziyembekeza ndale. Ndinapita kumsika ndi mlamba wanga wowamba. Mnzanga wa benchi loyandikana, wa MCP weniweni, anangondiyang'ana n'kuseka, akuti "achemwali mwagona?" Kenako anandibwereka mpeni. Zinathera pomwepo.

Mnyamata wa Tonse (Miseu Folo): Amayi, mwayankhula ngati munthu wamkulu. Koma tisaiwale kuti sizinabwere pa mbale. A Mutharika ndi a MEC anachita apilo, khoti la Supreme linakana pa 8 Meyi. Mayi Jane Ansah anakakamira pampando wa MEC mpaka kumapeto kwa Meyi, anthu atayenda m'misewu miyezi ndi miyezi. Kutatsala masiku ochepa kuti tivote, boma linafuna kutumiza Chief Justice Andrew Nyirenda kutchuthi chokakamiza, maloya anachita kutuluka m'misewu atavala mikanjo yawo. Majaji aja ankapita kukhoti moperekezedwa ndi asilikali. Mphotho ya Chatham House imene anapatsidwa mu Okutobala sanaitole panjira.

Wakabaza pa Dyeratu: Achimwene a Tonse mwabwera bwino. Pa ntchito 1 miliyoni zija, yanga ili pa nambala chani? Ndikufuna ndidziwe ngati ndigule tayala lina kapena ndidikire.

Make Tadala (Ngabu): Ndi kudya katatu kuja. Ife tikadali pa kamodzi ndi theka.

Mnyamata wa Tonse (Miseu Folo): Miyezi 6 yokha abale. Wolandira K100,000 kutsika pansi sakudulidwanso msonkho, feteleza ali pa K4,495 thumba. Zimenezo simukuziona?

Mlimi wa thonje (Therere): Feteleza ameneyo ndiye mundilole ndiyankhulepo. Kumtunda, ku Thyolo ndi ku Lilongwe, n'zoona wathandiza, kumeneko popanda feteleza sukolola. Koma amene analemba pulogalamuyo anayamba wapondapo kudimba kuno? Dothi limene Shire amatisiyira madzi akaphwa silifuna thumba la urea. Vuto lathu ndi dzuwa, mbozi ndi madzi osefukira. Ine ndikanakonda mbewu ya mapira yocha msanga, mankhwala opopera thonje, kapena mbuzi ziwiri. Komabe poti dzina linatuluka ndinapita. Masiku atatu pa mzere, chitupa cha unzika m'manja, kalaliki akungoti netiweki yathawa. Tsiku lachitatu tinafika 4 koloko m'mawa, tinaika miyala pa mzere kuti isunge malo ife tikabisale pamthunzi, ndipo miyala inayamba kukanganitsa anthu, wina akuti mwala wanga unali wofiira. Pafupi pomwepo mavenda ataimika njinga zamoto, ndalama m'manja, kudikira amene watopa. Sindinena kuti matumba anga anapita kuti.

Nachisale pa Bangula: kkkk anakwera Thabwa amenewo.

Mlimi wa thonje (Therere): Mwatero ndinu achemwali. Ndipo thonje chaka chino ogula anachedwa, akuti kunja mafakitale atseka ndi korona. Linakhala m'nyumba mpaka makoswe anayamba kumangira zisa. Amene analima chitowe ndiwo anaseka.

Admin (Nchalo): Nanga za nduna? Paja Chigwa chinapatsidwa mipando.

Mai Busa (Chikwawa boma): Mu Julaye muja atatulutsa mayina 31, kumtunda kunali phokoso kuti nyumba imodzi yatenga mipando iwiri, a Sidik Mia ku zamtengatenga, mayi Abida Mia wachiwiri kwa nduna ya zamalo. Kuno anthu sanadandaule kwambiri, ambiri amati bola wathu ali pafupi ndi mphika. Ine maganizo anga ndi akuti ngati tinkadzudzula ena kuti akudya pachibale, tisasinthe muyezo chifukwa choti tsopano wachibaleyo ndi wathu.

Wa njanji wopuma (Chiromo): Ine kwa a nduna a zamtengatenga pempho ndi limodzi. Njanji inaduka pano mu 1997 ine ndili pantchito. Ana obadwa chaka chimenecho lero ali ndi ana awo, sitima ya ku Nsanje amangoimva m'nthano. Kuchoka pa Bangula kupita ku Makhanga mpaka lero ndi bwato pa Mtayamoyo, wodwala, mbuzi, njinga, zonse m'menemo. Doko la ku Nsanje a Bingu anatsegula mu 2010 ndi ng'oma ndi alendo akunja, pano anyamata amawedzapo. Ndiye mukandiuza kuti boma lasintha ndimati chabwino. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mnyamata wa Tonse (Miseu Folo): Amalume, njanji ya ku Marka ikubwera.

Wa njanji wopuma (Chiromo): Ikadzalira pa Bangula mudzandidzutse mphwanga.

Wa ku Joni wabwerako: Nonse mukukamba ndale ngati chaka chino munalibe matenda. Ine 2020 yanga ndi basi. Ndinali ku Johannesburg zaka zinayi, ndimagwira pa malo odyera. Kumapeto kwa Malichi a Ramaphosa atatseka dziko, bwana anangoti tionana zikatha. Miyezi iwiri ndikudya zimene ndinasunga, lendi osalipira, mpaka ndinagulitsa firiji ndi TV kuti ndipeze ya basi. Tinadutsa Zimbabwe, Tete, kufika pa Mwanza miyendo itatupa ngati mitondo. Kuchoka apo anatitengera pa bwalo la mpira ku Blantyre kuti tidikire zotsatira. Munamva pa wailesi kuti anthu mazanamazana anathawa pamenepo, ndipo munatitukwana kuti tabweretsa imfa. Ine sindinathawe, koma amene anadumpha mpanda sindiwaweruza. Kunali amayi a ana akhanda, usiku wa Meyi ku Blantyre mukuudziwa kuzizira kwake, ife tinagona pa simenti. Chimene chinandipweteka si chimenecho. Nditafika kumudzi ndi chikalata choti ndilibe kachilombo, mlongo wanga weniweni anandiikira nsima pakhonde n'kubwerera chambuyo. Mbale yanga ankaitsuka payokha ndi phulusa sabata ziwiri. Munthu amene ndinkamutumizira ndalama mwezi ndi mwezi.

Mai Busa (Chikwawa boma): Pepani achimwene. Anali mantha, sikuti chidani.

Wa ku Joni wabwerako: Ndikudziwa mayi. Pano timadyera limodzi. Koma akandifunsa kuti ubwerera liti ku Joni ndimamva kuti mbale yayambanso kuchepa.

Wakabaza pa Dyeratu: Inu munabwera pa basi masiku anayi, a Bushiri anangoti phethi mu Novembala ali ku Lilongwe, mpaka lero a ku South Africa akukanda mutu kuti anadutsira pati kkkkk.

Admin (Nchalo): Za aneneri tisayambe, gulu lino linatsala pang'ono kutha nazo.

Nachisale pa Bangula: Koma kunena zoona, m'bindikiro wa masiku 21 uja ukanachitika, kuno kukanafa anthu ndi njala osati korona. Odwala oyamba atatu analengezedwa pa 2 Epulo, ku Lilongwe. Pasanathe sabata ziwiri akuti kuyambira pa 18 aliyense akhale pakhomo. Ine ndimadya zimene ndagulitsa tsiku lomwelo. Nsomba za ku dambo sizisungika, kutentha kwa kuno mukukudziwa. A HRDC atakatenga chiletso kwa jaji Kenyatta Nyirenda, ine wa DPP ndinavina nawo, ngakhale anali omwewo ankatitopetsa ndi mademo. Apo pokha ndinati khoti landigwirira ntchito ine mwini.

Mphunzitsi East Bank: Mwaona tsono mayi? Ndi zomwe ndimanena. Khoti lomwe linakupulumutsirani benchi lanu ndi lomwe linagwetsa chisankho. Simungakonde mwendo umodzi wa ng'ombe.

Nachisale pa Bangula: Ndingakonde ndithu. Pogula nyama ndimasankha.

Wa geni ku Marka: Ife a m'malire ndiye tinaona zakuda. Theka la abale athu lili tsidya la Mozambique, minda ina ili konko, maliro timayendera limodzi. Chipata atachitseka anthu sanasiye kuwoloka, anangosiya kudutsa pachipata. Mu Ogasiti anati pa maliro pasapitirire anthu 50, wosavala masiki alipire K10,000. Ndani angaime pa siwa n'kumawerenga anthu, n'kuuza wa nambala 51 kuti bwererani, malemuwa ndi amalume anu koma mwachedwa? Masiki inali imodzi nyumba yonse, yosokedwa ndi telala pa chitenje, amavala amene akupita kuchipatala kapena kubanki.

Namwino wa m'Chigwa: Ndakhala ndikungowerenga. Abale, zosekazi zili apo, koma mwezi uno manambala ayambanso kukwera, ndipo obwera ku tchuthi kuchokera ku Joni ndi ambiri. Mu Julaye anthu ankati ndi matenda a mabwana a m'tauni, kuno dzuwa limaupha. Dzuwa silipha kanthu. Mawa usiku m'matchalitchi ndi m'mabala mudzadzaza, chonde agogo ndi odwala shuga muwasiye kunyumba. Ndowa ya madzi ndi sopo pakhomo ija musaichotse.

Admin (Nchalo): Mwamva a nesi. Aphunzitsi, mwakhala mukulemba nthawi yaitali, tikudikira.

Mphunzitsi East Bank: Ndimalemba n'kufufuta. Ndayamba ndi kutamanda chakachi, koma pali mbali imene imandisowetsa tulo. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi. A Sitandade 8 ndi Fomu 4 anabwerera pa 7 Sepitembala, enawo pa 12 Okutobala. Miyezi yoposa isanu ana ali pakhomo. Ankati aziphunzira pa wailesi ndi pa intaneti. Kwathu kuno wailesi ndi ya bambo, ndipo miyezi imeneyo inali pa ndale kuyambira m'mawa mpaka usiku. Tsiku lotsegulira ndinatenga kaundula wa kalasi langa kuyamba kuitana mayina. Anyamata ena anali ku dambo kuwedza, ena kubusa ng'ombe za eni, amenewo tinawatsata ndipo angapo anabwerera. Koma ndikaitana dzina la mtsikana, kalasi limangoti zii, kenako wina kumbuyo n'kunena motsitsa kuti "anakwatiwa sala," kapena "ali ndi pakati." Panali kamtsikana kena kamene kankakhala kutsogolo kudzanja lamanzere, masamu kankandikonza ine ndikalakwitsa pa bolodi. Ndinakakapeza kwa apongozi ake kakusinja mchewere, kanandigwadira n'kundipatsa moni ngati mayi wamkulu, maso pansi. Lamulo likuti ukwati ndi zaka 18, linalowa mpaka m'malamulo aakulu a dziko mu 2017. Koma majaji asanu aja safika kuseri kwa Ruo. Kumeneko chigamulo chimaperekedwa ndi nkhokwe ikakhala yopanda kanthu.

Mai Busa (Chikwawa boma): Ifenso kumpingo taona. Kwaya ya atsikana inatha theka.

Wa Fomu 4 (Nsanje): Ndiye ife amene tinapirira n'kubwerera, tinalemba mayeso sabata imodzi yokha, pa 4 Novembala akuti afafanizidwa chifukwa mapepala anabooka. Likasa linkayenda pa WhatsApp m'matauni, ife kuno ena foni yake tilibe, koma chilango n'chimodzi. Bambo anagulitsa mbuzi kuti ndikhale pafupi ndi sukulu nthawi ya mayeso, pano agulitsanso ina. Tikuyambiranso pa 5 Januwale. Zaka zinayi za sekondale zasanduka zisanu.

Mnyamata wa Tonse (Miseu Folo): Poyamba anati Malichi, a pulezidenti ndi amene analamula kuti zifulumire.

Wa Fomu 4 (Nsanje): Achimwene, mbuzi ija sibwerera.

Admin (Nchalo): Make Tadala mwangoti zii, mwayamba ndi inu kutiseketsa.

Make Tadala (Ngabu): Ndilipo a Admin. Ndimawerenga za aphunzitsizi. Ndinaseka za chimanga chifukwa zinazi n'zolemera kuzinena pagulu. Wanga wachiwiri, wotsatana ndi Tadala, anali Fomu 2. Mu Meyi ine ndinkachoka m'bandakucha kupita kudimba, kubwera madzulo, bambo ake ali kumisonkhano ya kampeni kuthamangira ma T-shirt. Ndinazindikira mu Ogasiti nditaona kuti akumanga chitenje pamwamba. Mnyamatayo ndi wa geni ya ng'ombe, akwawo anabwera ndi ankhoswe kuti amutenge. Bambo ake anali atavomera. Ine ndinakhala pakhomo n'kunena kuti mwana wanga satuluka muno, ngati n'kutha banja lithe langali. Mpaka lero ndi alamu anga sitiyankhulana. Akuyembekezeka kuchira mu Febuluwale.

Nachisale pa Bangula: Achemwali, mwachita zamphamvu. Ine ndikanakhala pafupi ndikanabwera ndi nkhuni.

Mphunzitsi East Bank: Mayi, musataye mtima ndipo musamusiye atalike ndi makope. Unduna wa zamaphunziro umalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Chofunika n'choti sukulu idziwe mwa kalata kuti anachoka chifukwa cha pakati, malo ake asungidwe, osangoti wasowa. Sukulu zikatsegulidwa sabata yamawayi pitani nokha kwa ahedi, mutenge mmodzi wa amayi a mother group akuperekezeni, amadziwa poyambira. Ngati akuchita manyazi ndi anzake mutha kupempha kuti akapitirize pa sukulu ina. Chovuta chimakhala wolera khanda masana.

Make Tadala (Ngabu): Wolera ndine. Ndidzapita naye kudimba kumsana ngati mmene ndinachitira ndi amake.

Namwino wa m'Chigwa: Ndipo asadikire kunyumba mayi, msinkhu umenewo timafuna achilire kuchipatala. Mvula ikayamba misewu ya kumidzi mukuidziwa. Mwezi wa Januwale ukamatha apite akadikirire konko.

Agogo a ku Tengani (akulemba ndi mdzukulu): Agogo akuti muwauze make Tadala kuti alamuwo adzabwera okha mwana akadzabadwa, asawatsekere chitseko. Akutinso kumapiri a ku Thyolo kwachita mdima madzulo ano, a ku Makhanga asagone tulo tofa nato.

Wa njanji wopuma (Chiromo): Ruo akadali m'malo mwake, ndadutsako 5 koloko. Akasintha mtundu ndilemba pano.

Make Tadala (Ngabu): Zikomo nonse. Aphunzitsi, kalatayo ndilembe ine kapena mwanayo?

Mphunzitsi East Bank: Alembe yekha, inu musayinire pansi. Ndikutumizirani kumbali mmene angayambire.

Make Tadala (Ngabu): Chabwino. Yunifolomu yake ndinaichapa n'kuiika m'sutikesi mu Ogasiti momwemo. Kaya idzamukwanabe.